Mlandu Suwola: Mbiri ya Dipo ndi Chipukutamisozi

Akuluakulu akale ankati mlandu suwola. Nyama imawola, dzungu limawola, ngakhale mtanda wa denga umafumbwa, koma cholakwa chimene munthu wachitira mnzake chimakhala chiwisi kufikira tsiku limene eni ake adzakhale pansi n'kuchikamba. Mwambiwu unkagwira ntchito makamaka pa milandu ya magazi: wina wathyola mnzake mwendo, wina waboola diso mwana wa eni, wina wapha munthu mosafuna.

Pa Chigwirizano, kumalire a mzinda wa Lilongwe kufupi ndi Likuni, milandu yotere sinathe. Kunja kukangocha, minibasi zopita m'tauni kudzera ku Chinsapo zimalimbirana msewu ndi njinga zamoto za kabaza, malole a mchenga ndi njerwa, amayi osenza ndiwo zamasamba ndiponso ana a sukulu. Ena mwa apaulendowo ndi amisiri omanga nyumba, ena ndi alonda, ena akulondola ku mafakitale a ku Kanengo. Mmodzi wa iwo akavulala, pamsewu kapena pantchito, funso limene limabuka ndi lakalekale: alipira ndani? Mdzukulu wa lero amayankha msanga kuti inshuwalansi, kampani, kapena khothi. Agogo a agogo ake akanayankha ndi liwu limodzi lokha: amalume. Kuchoka pa yankho lakalelo kufika pa latsopanoli padutsa zaka zoposa 100, ndipo m'njiramo muli zimene anthu anatola ndi zimene anataya.

Pabwalo la mfumu

Pakati pa Achewa munthu sanali wa iye yekha. Anali wa mbumba, ndipo woyang'anira mbumbayo anali mlongo wa amayi ake, atsibweni, amene ambiri lero amati amalume. Mnyamata akalasa mnzake pa uzimba poyesa kuti walasa gwape, kapena mbuna imene anakumba ikathyola munthu mwendo, amene ankaitanidwa kubwalo sanali mnyamatayo yekha koma mwinimbumba wake. N'chifukwa chake anthu amati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu.

Mfumu ndi nduna zake ankayamba kufunsa ngati chinthucho chinachitika mwadala kapena mwangozi. Chadala chinkalemera kwambiri, koma changozi sichinkapita ulere, pakuti mwendo wothyoka sufunsa kuti wouthyolayo anali ndi mtima wotani. Chimene chinkaperekedwa kwa wovulala chinkatchedwa dipo, ndipo chinali chosiyana ndi chindapusa cholangira munthu wosamvera. Bala laling'ono linkatha ndi nkhuku. Lalikulu linkafuna mbuzi, makasu, nsalu kapena mikanda. Koma dipo silinali katundu yekha. Abale a wolakwa ankayenera kupita kukazonda wodwala, kuthandiza pa chipondamthengo cha sing'anga, ndi kuona kuti munda wake usagone pamene mwini wake ali pamphasa. Banja laulemu silinkadikira kuti lichite kukakamizidwa, pokumbukira kuti patsepatse n'kulanda, mwana wa mfulu apatsa yekha.

Aliyense ankadziwa kuti mbuzi singabwezere diso. Madzi akatayika sawoleka. Cholinga cha dipo sichinali kugula chiwalo koma kuziziritsa mtima, kuti mabanja awiri amene amatunga pachitsime chimodzi ndi kuikana maliro apitirize kudyera pamodzi. Dzina la Chigwirizano likunena ndendende chimene bwalo linkafuna mlandu ukatha. Buku Lopatulika litatuluka lathunthu mu 1922, okalamba amene anamva Eksodo 21 akuwerengedwa sanaone chachilendo m'lamulo loti wovulaza mnzake alipire nthawi imene wovulalayo wataya ndi kuonetsetsa kuti wachira, kapenanso m'nkhani ya ng'ombe yogunda anthu imene mwini wake anailekerera.

Komabe si bwino kukometsa zakale mopitirira. Pa mlandu wa imfa, m'masiku a ukapolo, dipo nthawi zina linkakhala munthu: mwana wa m'mbumba ya wolakwa ankaperekedwa kwa ofedwa, iye osalakwa kanthu. Ngozi yodabwitsa inkaganiziridwanso kuti ili ndi mwini wake, motero anthu ankaombeza ula, ndipo woganiziridwa ufiti ankamwetsedwa mwavi. Wamphamvu naye ankatha kupotoza chiweruzo, poti khoswe akakhala pamkhate sapheka. Bwalo linali ndi chifundo chake, linalinso ndi nkhanza zake.

Bwana wopanda malume

Dziko lino linalowa m'manja mwa Angerezi mu 1891. Mu 1902 anakhazikitsa khothi lalikulu loweruza motsata malamulo a ku England, mu 1911 analetsa mwavi, ndipo mu 1933 anavomereza mabwalo a mafumu kuti aziweruza milandu ing'onoing'ono motsata mwambo. Koma chimene chinagwedeza kwambiri dongosolo la dipo si makhothi ayi. Chinali ntchito yolembedwa.

Msonkho wa nyumba unatulutsa amuna m'midzi kukafuna ndalama m'minda ya Azungu ku Thyolo ndi ku Mulanje, pa njanji, ndiponso m'minda ya fodya imene inayamba kufalikira m'boma la Lilongwe kuyambira 1920. Kumeneko munthu ankavulazidwa ndi makina, ngolo kapena mtengo wogwa, ndipo mwini ntchito sanali wa mbumba iliyonse. Analibe malume woti n'kumuitanira pabwalo, ndipo nyakwawa sakanayerekeza kumutumizira mthenga. Wovulala ankangobwerera kumudzi, mtolo wonse n'kugwera abale ake omwe aja amene sanadyeko phindu la ntchitoyo.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inaonetsa poyera kukula kwa vutoli. Mu Novembala 1914 Mbusa John Chilembwe wa ku Mbombwe analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times yodandaula kuti anthu akuda akutengedwa kukafera nkhondo yosawakhudza, n'kusiya akazi amasiye ndi ana amasiye pa umphawi. Mawu ake sanamveke. Pofika 1918 amuna pafupifupi 200,000 a dziko lino anali atagwira ntchito ya mtengatenga, kusenza katundu wa asilikali, ndipo ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda.

Chodabwitsa n'chakuti ku Ulaya njira yothetsera vutoli inali itapezeka kale. Dziko la Germany linakhazikitsa inshuwalansi ya ngozi za pantchito mu 1884. Dziko la Britain linapanga lamulo mu 1897 loti mwini ntchito azilipira wantchito wovulala ngakhale palibe umboni woti bwanayo analakwitsa. Ku Nyasaland lamulo lotere linafika mu 1946, patadutsa zaka pafupifupi 50.

Fumbi la ku Joni

Palibe kumene nkhani ya chipukutamisozi inawawa koposa ku migodi. Amuna a dziko lino anayamba kutengedwa kupita ku migodi ya golide ya ku South Africa mu 1903 kudzera ku bungwe limene anthu ankalitcha Wenela. Ambiri ankafa ndi chibayo, kotero kuti mu 1913 boma la kumeneko linaletsa kulemba anthu ochokera m'maiko a kumpoto kuno. Khomo linatsegukanso m'zaka za m'ma 1930, ndipo pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodimo. M'midzi yozungulira Lilongwe n'zosowa kupeza banja limene linalibe munthu wake ku Joni kapena ku Halale.

Ngozi zina zinamveka dziko lonse. Pa 6 Juni 1972 mgodi wa malasha wa Wankie, umene lero ndi Hwange ku Zimbabwe, unaphulika n'kupha anthu oposa 400, ndipo ena mwa iwo anali Amalawi. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela imene inkabweretsa anthu kwawo inagwa itangonyamuka ku Francistown m'dziko la Botswana, chifukwa inathiridwa mafuta osakanikirana ndi ena osayenera. Anthu 78 anafa, ambiri mwa iwo Amalawi amene anali atatsiriza kontalakiti yawo. Dr. Kamuzu Banda analetsa pomwepo kulemba anthu a ku migodi. Ntchitoyo inayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, koma anthu opita anali ochepa, ndipo kuyambira 1988 Amalawi anayamba kubwezedwa pa mkangano wa kuyeza magazi pofufuza kachilombo ka HIV.

Koma wakupha wamkulu sanali wa phokoso. Anali fumbi. Munthu akamaboola thanthwe pansi pa nthaka, tizidutswa ta mwala tosaoneka ndi maso timalowa m'mapapo n'kuwaumitsa pang'onopang'ono. Matendawa, otchedwa silicosis, alibe mankhwala, amaonekera patapita zaka, ndipo amatsegulira njira chifuwa chachikulu. Mnyamata ankafika kumudzi ndi sutikesi, njinga ndi wailesi, anthu n'kumusirira. Patapita zaka khumi ankayamba kutsokomola, kupuma movutika pokwera kachulu, kenako n'kulephera khasu. Abale ankati walodzedwa ndi ansanje. Sankadziwa kuti ku South Africa kunali malamulo a chipukutamisozi cha matenda a m'mapapo kuyambira zaka za m'ma 1910, ngakhale kuti malamulowo ankapatsa Mzungu zambiri ndi munthu wakuda zochepa, ndiponso ankafuna kuti wodwala apimidwe ndi madokotala amene kumudzi kunalibe.

Apa ndi pamene mwambi uja unadzaonetsa mphamvu yake. Munthu wina wa ku South Africa, Thembekile Mankayi, amene anagwira ntchito mumgodi wa kampani ya AngloGold, anapatsidwa ndalama zongopitirira pang'ono R16,000 mapapo ake atawonongeka. Iye anakasuma. Mu Malichi 2011 khothi lalikulu loona za malamulo oyendetsera dzikolo linagamula kuti ogwira ntchito m'migodi ali ndi ufulu wosumira makampani awo pa matendawa. Mwini wake anamwalira patatsala masiku ochepa kuti chigamulocho chiperekedwe, koma anasiya khomo lotsegula. Anthu zikwizikwi anasuma pamodzi, ndipo mu 2018 makampani asanu ndi imodzi a golide anavomera kupereka R5 biliyoni. Khothi linavomereza mgwirizanowo mu 2019, ndipo mu 2020 kunakhazikitsidwa bungwe la Tshiamiso Trust loti ligawe ndalamazo. Dzinalo ndi liwu la Chitswana lotanthauza kukonza cholakwika. Mgwirizanowo umakhudza amene anagwira ntchito m'migodi ya makampaniwo pakati pa 12 Malichi 1965 ndi 10 Disembala 2019, posayang'ana dziko lochokera, pamodzi ndi amasiye awo. Mlandu wa fumbi unagona zaka zambirimbiri koma sunawole. Chimene chinawola ndi mapepala: ambiri a ku Malawi anataya ziphaso ndi manambala awo a kumgodi, ndipo ambiri anamwalira popanda dokotala wolemba chimene chinawapha.

Nkhono ya m'botolo

Malamulo amene makhothi a ku Malawi amatsata pa nkhani ya kuvulala ali ndi mizu iwiri. Muzu woyamba unamera pa nkhani yooneka ngati nthano. Mu 1928, m'tauni ya Paisley ku Scotland, mayi wina dzina lake May Donoghue anamwa chakumwa cha m'botolo, ndipo anati pansi pake anapezamo nkhono yowola, iye n'kudwala. Mu 1932 oweruza akuluakulu a ku London anagamula kuti munthu aliyense ali ndi udindo wosamala kuti zochita zake zisapweteke mnansi wake, ndipo mnansi ndi aliyense amene zochitazo zingamukhudze, ngakhale sakudziwana. Pa mfundo imeneyi ndi pamene paima milandu yonse ya kusasamala: dalaivala wothamangitsa galimoto, mwini fakitale wosaphimba lamba wa makina, womanga nyumba wokweza anthu pa nsanja yofooka. Wodandaula ayenera kuonetsa kuti winayo sanasamale, ndipo khothi limawerengera ululu umene wamva, chilema chimene watsala nacho, ndalama za kuchipatala ndi ntchito imene sangathenso kugwira. Munthu akafa, amene ankamudalira ndiwo amasuma.

Muzu wachiwiri ndi uja wa 1946, umene lero uli m'lamulo la chipukutamisozi cha apantchito la chaka cha 2000. Pamenepa wantchito safunika kuonetsa kuti bwana analakwa. Chofunika n'chakuti ngoziyo yachitika chifukwa cha ntchito ndiponso ali pantchito. Mwini ntchito amayenera kukanena ku ofesi ya zantchito, dokotala amayeza kukula kwa chilema, ndipo ndalama zimawerengedwa potengera malipiro a munthuyo: malipiro a miyezi 54 kwa amene walumala kotheratu, a miyezi 42 kwa banja la amene wamwalira, ndi gawo loyenerera kwa amene wataya chala, diso kapena mkono. Uku ndi kubwerera kwa mwambi wa nkhuyu uja m'chovala china: wamkulu amene amadya phindu la ntchito ndiye apotedwe. Chofooka chake n'chakuti wa malipiro ochepa amalandiranso zochepa, ngati kuti mkono wa mlonda ndi wopepuka kuposa wa kalaliki. Lamulo lomwelo linalonjeza thumba limene olemba ntchito onse azisonkhamo, koma kwa zaka zambiri thumbalo linangokhala papepala, kotero kuti kampani ikagwa, wovulala ankagwa nayo.

Pamsewu, lamulo la 1997 limalamula kuti galimoto iliyonse ikhale ndi inshuwalansi yoteteza anthu ena amene ingawavulaze, ndipo limalola wovulala kusumira kampani ya inshuwalansiyo mwachindunji. Kampaniyo tsono ndiyo yalowa m'malo mwa amalume. Eni magalimoto onse amasonkha pang'onopang'ono kuti tsoka la mmodzi lisenzedwe ndi ambiri, monga muja mutu umodzi susenza denga. Koma malume watsopanoyu ali ndi malire a ndalama zimene angalipire, ndipo zotsala zimagwera mwini galimoto.

Pamene mlandu umawola

Phindu la njira zatsopanozi ndi loonekeratu. Mayi wogulitsa tomato pa Chigwirizano angathe kuimika kampani yaikulu pamaso pa woweruza, chinthu chimene agogo ake a nthawi ya thangata sakanachilota. Palibenso mwana woperekedwa ngati dipo, palibenso mwavi. Wosauka ali ndi kothawira ku bungwe la boma lopereka maloya kwa osowa, la Legal Aid Bureau, limene linayamba ntchito mu 2015.

Koma pali zinthu ziwiri zimene zinatayika m'njira. Choyamba ndi nkhope. Pabwalo wolakwa ankakhala pansi pamaso pa wolakwiridwa, n'kuwomba m'manja. Lero dalaivala angathe kugunda munthu, n'kusapondako kuchipatala ngakhale tsiku limodzi, poti zonse zili m'manja mwa inshuwalansi. Cheke chimabwera, koma liwu loti pepani silibwera, ndipo mtima umatsala wosazizira.

Chachiwiri n'chakuti mlandu wa masiku ano umawola. Lamulo limapereka zaka zitatu zokha kuti wovulala akasume kukhothi, ndipo nthawi yosumira kampani ya inshuwalansi mwachindunji ndi zaka ziwiri. Madandaulo a ngozi za pantchito nawonso ali ndi malire a nthawi. Umboni umene kale unkasungidwa m'mitu ya nkhalamba za pabwalo tsopano uli m'lipoti la apolisi, m'kalata ya dokotala wa ku Kamuzu Central, ku Bwaila kapena ku Likuni, ndi m'nambala ya galimoto imene wina anakumbukira kulemba. Banja limene likhala chete podalira mwambi wa makolo limadzazindikira nthawi itatha. Safunsa anadya phula.

Ngakhale amene wasuma m'nthawi yake amayesedwa kuleza mtima. Milandu imatenga zaka, ndalama ya kwacha ikuchepa mphamvu: mu Novembala 2023 mokha inagwa ndi 44 peresenti. Woimira kampani akabwera ndi kandalama ka m'manja pamene bala likadali liwisi, wovulala amakumbukira kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, n'kusaina pepala lotseka mlandu asanadziwe ngati mwendo udzawongoka. Palinso anthu ozungulira m'zipatala kusaka ovulala kuti awapezere loya, ndipo madandaulo a anthu amene chipukutamisozi chawo chinathera m'manja mwa owaimira si achilendo m'dziko muno. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma wodekhayo ayenera kukhala ndi mapepala ake m'manja, ndiponso azifunsa kuti mlandu wake wafika pati.

Kubwerera pansi pa mtengo

Mbiri ili ndi chizolowezi chozungulira. Njinga zamoto za kabaza, zimene zachuluka m'zaka zaposachedwapa ku Chigwirizano, Chinsapo, Kawale, Biwi, Area 23, Area 25 ndi Mgona, zambiri zilibe inshuwalansi. Amisiri ndi aganyu ambiri omanga nyumba alibe kalata ya ntchito. Mnyamata wa kabaza akagunda mwana, kulibe kampani yoti n'kuilembera kalata, ndipo kumusumira kukhothi n'kufuna kukama ng'ombe yopanda mkaka, poti njingayo mwina si yake. Motero mabanja awiri amakakhala pansi kwa mfumu kapena kwa mkulu wa mpingo, amalume a uku ndi a uko, n'kugwirizana za ndalama ya mankhwala, ya thiransipoti yopitira kuchipatala ndi ya ufa wa panyumba. Dipo labwerera, ngakhale kuti mbuzi yasanduka ndalama yotumiza pafoni.

Njira imeneyi ili ndi ubwino wake wakale, pakuti imafulumira ndipo imabweretsa chipepeso cha pakamwa. Ili ndi ngozi yakenso yakale, yoti wofooka amaumirizidwa kuvomera zochepa poopa kuoneka wovuta pamudzi. Nzeru ndi kutenga zabwino za mbali zonse ziwiri. Wovulaza mnzake apite akamuzonde, ngakhale inshuwalansi ilipo, chifukwa pepala silipepesa. Wovulala alandire chipepesocho, koma apolisi adziwitsidwe, kalata ya chipatala isungidwe, ndipo chala chisadinde pa pepala lililonse bala lisanapole ndi dokotala asananene kukula kwake. Mwini njinga ndi mwini ntchito nawo akumbukire kuti inshuwalansi si msonkho wongosangalatsa apolisi apamsewu, koma ndi mbuzi ya dipo yomangiriratu pakhola tsoka lisanagwe.

Adzukulu amene adzamve agogo akunena kuti mlandu suwola adziwe kuti mwambiwo ndi woona pa chikumbumtima cha munthu, ndipo amuna a ku Joni anautsimikiza patadutsa zaka zambiri. Koma pamaso pa khothi mlandu uli ngati chimanga cha m'nkhokwe: umakhalitsa pokhapokha mwini wake atausamala. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.